Chala cha a Yotamu pa mkono wa Rute

A Yotamu tinawaika Lachinayi, ndipo bodza linayamba mtembo usanafike n'kumanda komwe. Mkulu wina wochokera kuchipatala chathu chaching'ono cha kuno kumapiri anaimirira ndi pepala m'manja, anakonza tayi, n'kuuza khamu lonse kuti malemuwa anapuma pa ntchito mwaulemu atatumikira zaka zambiri. Mwaulemu! Ine ndinali pafupi ndi bokosi, ndipo mlongo wanga Esinati anandikoka malaya kuti ndisayankhe. Ndinameza mawu poti pamaliro sitikangana. Koma maliro anatha, ndiye tsopano ndinene. A Yotamu sanapume ayi. Anachotsedwa, ndi kalata yaifupi yonena kuti anavulaza dala mwana wakhanda. Mwanayo ndi Rute, mwana wa Esinati, ndipo ine malume wake ndinalipo tsikulo.

Kwa amene simunawadziwe, a Yotamu anali dresala, wotsuka ndi kumanga mabala. Satifiketi analibe. Anayamba ndi tsache, akusesa pachipatala cha mishoni ali mnyamata, ndiye dokotala wina wakale ataona kuti mnyamatayu sathawa fungo la mafinya anamukokera m'chipinda cha mabala, n'kumamuonetsa mabuku ndi makina aja oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Kuchokera pamenepo mpaka imvi anali munthu yemweyo: wamfupi, wa makutu otambalala, ndi pakamwa posasankha m'busa kapena phungu. Sindikunamizani kuti anali okoma kucheza nawo. Moni wawo weniweniwo unkamveka ngati akukufunsa mlandu.

Koma manja! Kuyambira kuno mpaka ku Mponela kunalibe mwamuna wa manja ofewa chotero, ndipo ife alimi a fodya tinkawaseka nawo. Khasu ankagwira mwa apo ndi apo, atakulunga mpini ndi chiguduli, anthu n'kumati ndi ulesi. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde ndi lezala n'kumawenga zikhadabo zomwe zinali zazifupi kale, akatha n'kulisomeka mu udzu wa denga. Wotchi sankavala, ngakhale ija anawagulira mwana wawo ku Lilongwe. Ankati chitsulo pamkono n'cha anthu amene sagwira anzawo. Kukazizira, monga kumachitira kuno mu Juni, ankayamba afunditsa manja m'khwapa asanakhudze wodwala, uku akumulalatira chifukwa chobwera mochedwa.

Mikangano yawo sinkatha. Mayi akabwera atapaka dzira kapena mankhwala otsukira mano pa mwana wopsa, ankamufunsa ngati akufuna kuti mwanayo achire kapena akazingidwe. Akuluampingo anawaitanapo kawiri chifukwa chojomba mapemphero, iwo n'kuyankha kuti tsiku limene bala lidzayambe kusunga Sabata nawonso adzasunga. Nthawi ya riferendamu anyamata a mbali zonse ankafuna kudziwa ngati mkuluyu ndi wa tambala kapena wa nyali. Anawauza kuti asokapo mitu yong'ambika ya mbali zonse ziwiri ndipo sanapezemo kusiyana. Anyamatawo anawada onse, koma akatemana ankathamangirabe kwa iwo.

Mdani wawo wamkulu anali pulasitala, uja womata. Ankati n'chida cha munthu waulesi amene wakana kuphunzira kumanga bandeji. M'malo mwake ankasonkhanitsa zitenje zakale, zija zachapidwa mpaka maluwa osaonekanso, n'kumazing'amba, kuziwiritsa mumphika wawowawo ndi kuziyanika pachingwe. Ukadutsa kwawo ukanati mkazi wawo wabereka mapasa.

Zimene ndikudziwa za khungu anandiphunzitsa ndi iwo, ine ndili pamwamba pa chigafa changa cha fodya ndikufolera, iwo ali pansi akundipeza zifukwa. Apa n'kuti atachotsedwa kale ntchito, nthawi yovutitsira anthu ali nayo yambiri.

"A Phiri, udzu umenewo ukugwira n'chiyani?" anandifunsa.

"Luzi, bambo."

"Luzilo mwamanga pa chiyani?"

"Pa nsungwi zopingasazi."

"Nanga nsungwizo zangogona?"

"Ayi, nazonso ndazimangirira ku mapaso."

"Basi, sukulu ya khungu mwamaliza. Tsikani musanagwe, ine mafupa sindilunzanitsa."

Nditatsika anandifotokozera bwinobwino. Khungu limene timaliona pamwambali ndi lopyapyala, lopangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Pansi pake pali lina lokhuthala, momwe muli magazi. Awiriwa sanangosanjikizana ayi. Pakati pawo pali kansalu kopyapyala koti diso silingakaone. Maselo a m'munsi mwa khungu lapamwamba ali ndi tizikhomo togwira kansaluko, ndipo kansaluko nako kamangiriridwa ku khungu lapansi ndi tizingwe tosawerengeka. N'chifukwa chake munthu umadzikanda, umabereka mwana kumbuyo, umakokana ndi ng'ombe, khungu osachoka. Rute anabadwa tizingwe tapansito tili tochepa ndi tofooka. Kungomukhula pang'ono, khungu lapamwamba limanyamuka pamodzi ndi kansalu kake, madzi n'kudzaza pampatapo, thuza lija. Ankati mwanayu udzu ali nawo wabwino, nsungwi zabwino, mapaso abwino. Chimene Mulungu anachepetsa ndi luzi. Ndipo ankanenetsa kuti vutoli mwana amalitenga mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi, onsewo ali bwinobwino osadziwa kanthu.

Zomveka ngakhale kwa ine wa Sitandade faifi. Koma tsiku limene mawu amenewa ankafunika, anthu ophunzira anakana kuwamva.

Rute anabadwira kunyumba, nthawi yosoka fodya, chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Azamba pomupukuta anangoona khungu la kuphazi latsalira pansalu. Pasanathe mwezi matuza anali m'khwapa momwe anthu ankamunyamulira, kumsana momwe mbereko inkadutsa, ngakhale m'kamwa. Akuchimuna anathamangira kunena kuti ndi tsempho, wina mwa makolowa sanadzisunge, ndipo mukudziwa kale kuti wina ameneyo nthawi zonse amakhala mkazi. Esinati anangodzipezera yekha njira yonyamulira mwana wake, dzanja lina pansi pa matako, lina pansi pa khosi, n'kumamugoneka pa pilo. Munthu wina aliyense akamunyamula, mawa lake panali bala latsopano, moti anayamba kukaniza alendo mwana. Anthu anati wayamba matama.

Tsoka lake, sabata imene anapita naye kuchipatala a Yotamu anali ku maliro a mbale wawo ku Ntchisi. Anapeza dokotala watsopano, wachinyamata, wongochoka kumene ku sukulu. Ndisamunamizire, sanali munthu woipa mtima. Anali ataonapo ana otenthedwa ndi makolo, ndiponso anali atangobwera ku semina ya ufulu wa ana, mawuwo akumuyabwa pakamwa. Masiku amenewo aliyense ankadzuka ndi ufulu, kugona ndi ufulu. Anayang'ana mabala, analemba pakhadi kuti mwana wapsa ndi madzi otentha, n'kulamula kuti amumange mabalawo. Anamumanga ndi pulasitala. Patapita masiku atatu pomatula, pulasitalayo anachoka ndi khungu lomwe, ndipo pamwendo panali patatuluka matuza ena awiri. Dokotalayo sanafunse kuti kodi pulasitala wachita bwanji zimenezi. Anati mayiyu akupitiriza kuotcha mwana, natumiza uthenga kupolisi ku Mponela.

Ine anandiitana monga mwinimbumba. Ndinapeza Esinati atakhala pa benchi, Rute ali pa pilo pamiyendo pake, wapolisi ataimika njinga yake pansi pa mtengo, pepala lili m'manja. Apongozi ake a Esinati analipo, mlamu wanga Lameki, bambo ake a Rute, analiponso, maso ali pansi ngati wataya singano. Nkhani inali yoti Esinati apita ku Mponela, mwana atsala ndi apongozi. Mwana wa miyezi iwiri, woyamwa, amene munthu mmodzi yekha padziko lonse ankadziwa kumunyamula! Ndinaona apongoziwo akukonza kale chitenje choti amuberekere, ndipo ndinadziwa kuti akakafika naye kumudzi msana udzakhala nyama yokhayokha.

Pali chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Ndinakhala pafupi ndi mlongo wanga n'kumunong'oneza kuti, "Esinati, ndiuze ine ndekha. Sunamugwetsere phala mwangozi?" Anangondiyang'ana, osalira. Ine malume, amene ndinayenera kuima patsogolo pake, ndinali nditaima kumbuyo kwa pepala.

A Yotamu anatulukira nthawi imeneyo, atangotsika galimoto, fumbi lili m'mutu, jekete la kumaliro ali chivalire. Sanapereke moni kwa aliyense. Anasamba m'manja, anagwada patsogolo pa benchi, n'kumuyang'ana mwanayo nthawi yaitali osamukhudza. Anaona m'khwapa, anaona kumsana, anapempha mayi ake kuti amutsegule kukamwa. Kenako anaimirira n'kutembenukira kwa dokotala.

"Adokotala, mwanayu sanapse. Ndinaonapo wina wotere ndili mnyamata. Khungu lake silinagwire pansi. Madzi otentha amasankha m'khwapa monse muwiri n'kusiya pamimba? Amalowa m'kamwa n'kusiya milomo?"

Anayamba kufotokoza za kansalu, tizikhomo ndi tizingwe, koma dokotala anawadula. Anati zimenezo n'zosowa kwambiri, iye sanazionepo, ndipo dresala ntchito yake n'kumanga zimene dokotala walemba. Anawonjeza kuti nthawi yobisa nkhanza inatha ndi chipani chimodzi. Wapolisi naye anati iye za tizingwe sazidziwa, chimene wanyamula ndi pepala losainidwa, ndipo dzuwa likupita.

"Mayi, imirirani," anatero wapolisiyo. "Perekani mwana kwa agogo ake."

Apongozi anatambasula manja, zala zitalunjika m'khwapa mwa Rute.

"Chotsani manja amenewo!" A Yotamu anakuwa mpaka odwala a panja anasuzumira pawindo. Kenako anagwadanso, ndipo mawu awo anatsika mwa mtundu umene sindinawamvepo. "Naphiri, mwana wanga, anthuwa makutu alibe, ali ndi maso okha. Ndiloleni ndimulakwire mwanayu kamodzi. Kamodzi kokha."

Esinati anawayang'ana, anayang'ana wapolisi, n'kugwedeza mutu.

Anasankha malo abwinobwino pa mkono wamanzere, pamwamba pa chigongono, pomwe panalibe kabala ngakhale kamodzi. Anaitana dokotala ndi wapolisi kuti aone kuti khungu ndi losalala, ndiponso kuti chala chawo n'chozizira, chopanda mankhwala. Ndiye anaika chala chachikulu pamenepo n'kupotokola uku ndi uku kangapo, mopepuka, ngati mmene mayi amachotsera litsiro patsaya la mwana popita ku tchalitchi. Rute analira. Anachotsa chala, panangofiira basi.

"Mwaona?" anatero dokotala. "Palibe chilichonse."

"Dikirani."

Tinadikira. M'chipindamo munkangomveka Rute akusisima pabere la mayi ake. Wapolisi anasuntha phazi, apongozi anakhosomola. Ndiye pamalo ofiira paja khungu linayamba kuchita makwinya, linatukuka, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono tonse tikuona, mpaka panaima thuza lofanana ndendende ndi chala cha a Yotamu.

"Moto uli kuti?" anafunsa. "Ketulo ili kuti? Bwana wapolisi, amene waotcha mwanayu mwamuona ndi maso anu. Ndine. Mangani ine, mayiyu apite akayamwitse."

Wapolisi uja anali ndi nzeru kuposa tonse. Anapinda pepala lake kanayi, analiika m'thumba, anapepesa kwa Esinati, n'kukwera njinga. Apongozi anatuluka osatsanzika. Lameki ndi pamene anakumbukira kuti ali ndi mkazi, n'kusendera pa benchi. A Yotamu anatenga singano yowiritsa kuti aboole thuzalo, poti matuza a mtundu umenewu ukawasiya amangofalikira.

Kalata inabwera pasanathe milungu itatu. Dokotala anali atalemba lipoti, ndipo mu lipotimo munalibe bodza ngakhale limodzi, n'chifukwa chake limandinyansa kwambiri. Dresala anavulaza mwana dala, pamaso pa mboni, popanda chilolezo cha dokotala. Zonse zoona. Zoti pulasitala wa dokotalayo anasupula khungu lalikulu kuposa chikhatho sizinalembedwe. Zoti mayi wosalakwa anatsala pang'ono kukagona m'chitokosi sizinalembedwe. Komiti ya chipatala inakumana, anthu aja ankakuwa pamisonkhano kuti tsopano pakamwa patseguka, ndipo palibe mmodzi anatsegula pake. Ine ndinapita kukalankhula, anandiuza kuti nkhani za chipatala n'za anthu odziwa. Akulu ananena kuti kamba amanyera womutola, koma uyu sanali kamba, anali anthu ovala mataye.

Patapita miyezi tinapita naye Rute kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Dokotala wa khungu anamuona, anatchula dzina lalitali la Chingerezi, n'kufotokoza za kansalu ndi tizingwe tomwe tija, ndipo analemba ndi zilembo zazikulu pakhadi kuti mwanayu asamatidwe pulasitala. Khadilo ndinapita nalo ndekha kuchipatala chathu. Analiwerenga, anati zikomo, anandibwezera. Kupepesa kwa a Yotamu sikunabwere, ntchito sinabwerere. Dokotala wachinyamata uja anasamukira kutauni, ndipo ndimamva kuti zinthu zikumuyendera.

A Yotamu za kalatayo sankazikamba. Wina akaiyamba ankati analembayo sananame, n'kusintha nkhani. Chipatala chawo chinasamukira pakhonde la nyumba yawo, ndipo wodwala wake wamkulu anali mmodzi. M'mawa uliwonse kwa zaka zinayi Esinati ankabwera ndi Rute. Iwo ankakhala pa kampando kawo ka miyendo itatu, mayi pamphasa, mwana pakati. Ankanyowetsa nsalu zakale ndi madzi ofunda mpaka zichoke zokha, kuboola matuza atsopano, kupaka vaselini, kukulunga chala chilichonse pachokha kuti zala zisamatirirane. Anamuphunzitsa Esinati kuveka mwana zovala chotembenuza kuti msoko usamudye. Ankamukalipira ngati ali pa ntchito yolipidwa, ndipo Esinati, amene kale sankayankha munthu, anaphunzira kuwabwezera.

Koma mkono wamanzere sankaukhudza. Bala lija linapola n'kusiya chipsera choyera, chozungulira. Rute ali ndi zipsera zambiri, zina zazikulu kuposa chimenecho, moti ine sindikanachisiyanitsa ndi zinzake. Iwo ankachidziwa. Akafika pamenepo ankapereka nsalu kwa mayi ake n'kuyang'ana kumbali. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Bambo, chala chanucho n'chimene chinapulumutsa mwanayu." Anandiyankha mokalipa kuti mwanayo sanapemphe kuti akhale umboni, ndipo anthu akuluakulu asanu akalephera kumva mawu mpaka khanda lichite kulipira ndi khungu lake, pamenepo palibe chonyadira. Rute anakula akudziwa dongosolo limeneli osauzidwa: mkono wamanja kwa agogo a Yotamu, wamanzere kwa amayi.

Ndiye munthu aime pamaliro ndi tayi yake, anene kuti mwaulemu.

Dzulo m'mawa ndinadutsa kwa a Yotamu. Khonde lili momwe analisiyira. Mphika wowiritsira nsalu wavundikiridwa pa mafuwa ozizira, chingwe chili ndi tinsalu titatu tomwe palibe wayanula, ndipo lezala likadali chisomekere mu udzu wa denga, layamba dzimbiri. Mayi a kunyumbako anati asachotse kanthu kaye. Esinati anali atabwera ndi mwana monga mwa masiku onse, poti madzi ndi nsalu zili kumeneko. Anayala mphasa pamalo pake, anakhazika Rute pakati, ndipo kampando ka miyendo itatu anakasiya pomwe kamakhala. Rute anapereka mkono wamanzere kwa mayi ake. Wamanja anautambasulira ku kampandoko, n'kudikira.